Kalata yotseguka kwa a Witold Bańka, mtsogoleri wa WADA: mankhwala ndi amodzimodzi, bwanji zilango zikusiyana?

Olemekezeka a Bańka,

Ndikukulemberani monga munthu wokonda masewera othamanga, amene amafuna kukhulupirira zimene maso ake akuona pabwalo. Inunso munathamangirapo dziko lanu la Poland pa mtunda wa mamita 400 musanakhale nduna ya zamasewera, ndipo kuyambira mu Januwale 2020 ndinu amene mukutsogolera WADA, bungwe lomwe mayiko analipatsa udindo wothana ndi mankhwala owonjezera mphamvu. Ndiye mukudziwa bwino kuti wothamanga amakhetsa thukuta zaka zambiri pofuna masekondi owerengeka, ndipo wina akamulanda masekondiwo ndi jakisoni amakhala wamulanda ntchito ya moyo wake wonse. Pamenepo tili limodzi. Chandilembetsa kalatayi ndi kagwedwe ka chilango. Momwe ndikuonera ine, chikumalemera pa amene alibe ndalama zodzitetezera, ndipo chikumawalambalala akuluakulu amene amabweretsa mankhwalawo.

Titenge mankhwala amodzi okha, trimetazidine. Awa ndi mapiritsi omwe madokotala amapatsa odwala mtima, makamaka amene amamva kupweteka pachifuwa chifukwa mtima sukulandira magazi okwanira. Amathandiza mtima kugwira ntchito ngakhale mpweya ukuperewera, n'chifukwa chake bungwe lanu linawaletsa mu 2014. Kuchokera mu 2021 kufika mu 2024 mankhwalawa anapezeka m'matupi a akatswiri a masewera anayi osiyana, ndipo mlandu uliwonse unathera pakepake.

Mu Januwale 2021 osambira 23 a ku China anapezeka nawo atayezedwa pa mpikisano wa kwawo mumzinda wa Shijiazhuang. Malamulo anu amati munthu akapezeka ndi mankhwala a mtundu umenewu ayambe waima kaye pomwe nkhani ikufufuzidwa. Iwowa sanaimitsidwe ngakhale tsiku limodzi, ndipo anthu sanauzidwe kalikonse. Bungwe la ku China loona za mankhwala pamasewera linati linapeza zotsalira za trimetazidine m'khitchini ya hotela yomwe osambirawo ankagona, choncho anadyera m'chakudya mosadziwa. Munthu amene analowetsa mapiritsi a mtima m'khitchinimo sanapezeke. WADA inavomereza, sinachite apilo, ndipo inati sikanatha kutumiza anthu ake kukafufuza chifukwa cha ziletso za Covid-19. Pofika pakati pa chaka, ena mwa osambirawo anali atavala mendulo za golide ku Olimpiki ya ku Tokyo. Ife tinadzamva nkhaniyi mu Epulo 2024, patapita zaka zitatu, kuchokera kwa atolankhani a New York Times ndi a kanema wa ARD wa ku Germany.

Pa 25 Disembala 2021 mtsikana wa zaka 15 wa ku Russia, Kamila Valieva, katswiri wa masewera otsetsereka pa madzi oundana, anapereka mkodzo womwe unadzapezeka ndi mankhwala omwewa. Zotsatira zinachedwa mpaka mu Febuluwale 2022, iye ali kale mkati mwa Olimpiki ya ku Beijing, ndipo dziko lonse linamuonerera pa kanema akugwa n'kutuluka pabwalo akulira. Mu Januwale 2024 khoti la zamasewera la CAS ku Lausanne linamuletsa kwa zaka 4. Mu 2022 inakhala nthawi ya Lawrence Cherono wa ku Kenya, amene anapambana marathon ya ku Boston ndi ya ku Chicago mu 2019. Anamuchotsa pa mpikisano wa dziko lonse ku Eugene kutangotsala pang'ono kuti athamange, ndipo mapeto ake anamuletsa kwa zaka 7. Kenaka mu Ogasiti 2024 anapezeka nawo Iga Świątek, yemwe panthawiyo anali nambala wani pa tenisi ya amayi. Chilango chake chinali mwezi umodzi.

Sindikunena kuti milandu inayiyi ndi yofanana, ndipo ndisamveke ngati ndikuikira kumbuyo Cherono poti ndi wa kuno ku Africa. Iye ananama. Anasinthasintha nkhani yake, anabweretsa zikalata zachipatala zopeka, ndipo gawo lina la zaka 7 zija ndi malipiro a bodza lakelo. Si yekha. Jemima Sumgong, mayi woyamba wa ku Kenya kupata golide wa marathon ku Olimpiki, ku Rio mu 2016, anapezeka ndi mankhwala oletsedwa a EPO mu 2017, naye n'kuthamangira ku zikalata zachipatala zabodza, ndipo chiletso chake chinakwera kuchoka pa zaka 4 kufika pa 8. Wilson Kipsang, amene anaswa rekodi ya dziko lonse ku Berlin mu 2013, sankapezeka pomwe analonjeza kuti oyeza akamupeza, kenaka anapereka chithunzi cha ngozi ya pamsewu yomwe sinachitike tsiku limene iye ananena. Anthu otere amatipweteka kwambiri ife amene tinawaombera m'manja. Ana athu ankawayang'ana ngati zitsanzo, ndipo lero wothamanga aliyense wa ku Africa akaswa rekodi, anthu amayamba ndi kukayika asanayamikire. Amenewa alangeni ndithu.

Świątek ndimamukhulupirira. Anasonyeza kuti mapiritsi a melatonin omwe ankamwa kuti azipeza tulo pa maulendo ataliatali anasakanikirana ndi trimetazidine kufakitale, ndipo labotale ya ku Salt Lake City inatsimikiza. Koma taonani mmene chilungamo chakecho chinapezekera. Mwiniwake anauza atolankhani a kwawo kuti analipira loya pafupifupi madola 70,000 a ku America, komanso mayuro 15,000 kwa akatswiri ndi kuyezetsa. Pasanathe milungu inayi, chiletso choyembekezera chija chinali chitachotsedwa.

Lamulo lanu lalikulu limati chilichonse chopezeka m'thupi mwa wochita masewera, mwini thupi ndiye ayankhe, kaya anadziwa kaya sanadziwe. Ndi lamulo louma, koma ndikulimvetsa, chifukwa pakanapanda ilo aliyense bwenzi akungoti sindinadziwe. Vuto limabwera pamene wosalakwa akufuna kudziombola. Kuti zaka 4 zichepe, ayenera kusonyeza njira yeniyeni imene mankhwalawo analowera m'thupi mwake. Akhale kuti anasunga botolo lililonse la zomwe anamwa. Apeze lina losatsegula lomwe linapangidwira limodzi ndi lakelo, alitumize ku labotale ya kutsidya kwa nyanja, mwina ayezetsenso tsitsi. Alembe ntchito katswiri wa zamankhwala woti akafotokoze pamaso pa oweruza, kuphatikiza loya wodziwa malamulo a zamasewera, ndipo maloya oterewa ambiri ali ku Ulaya ndi ku America. Anthu awiri osalakwa atha kumwa mapiritsi a m'botolo limodzi, wandalama n'kubwerera pabwalo mwezi wamawa, wosauka n'kukhala pakhomo zaka 4 dzina litaipa mpaka kumanda. Kwa wothamanga wa zaka 28, zaka 4 ndiye kuti ntchito yatha.

Ndikudziwa kuti simunangopinda manja. Alipo maloya odzipereka kuthandiza mwaulere, khoti la CAS lili ndi thandizo la osowa, ndipo mu 2023 munatsegula ofesi yomwe ochita masewera atha kufunsako uphungu. Koma uphungu sulipira labotale. Milandu ya mtundu uwu imapambanidwa ndi umboni wa sayansi, ndipo umboniwo ndi wodula. Pakufunika thumba lenileni la ndalama, losayendetsedwa ndi amene akuzenga mlandu, loti aliyense amene wapezeka ndi mankhwala ndipo ali ndi chifukwa chomveka choganizira kuti anamwa zosakanikirana athe kuyezetsa zomwe anamwazo mwamsanga, posayang'ana pasipoti yake kapena kukula kwa kontirakiti yake. Ndalama zake sizingasowe. Mipikisano ikuluikulu ya marathon ndi makampani a nsapato amasonkha kale ndalama zoyezera othamanga a pamsewu. Amene akulipira kuti wolakwa agwidwe alipirenso kuti wosalakwa asaphedwere ufulu.

Pa nkhani ya ku China mwayankha kambirimbiri kuti a Eric Cottier, loya wa ku Switzerland, anaunika zonse ndipo anapeza kuti WADA sinakondere. Anaterodi. Koma lipoti lomwelo linanenanso kuti bungwe la ku China silinatsate ndondomeko yomwe malamulo amafuna. N'kutheka kuti osambirawo anadyeradi m'chakudya. Chomwe chikuwawa anthu n'chakuti mwana wa zaka 15 dzina lake linamveka dziko lonse mlandu wake usanazengedwe n'komwe, pomwe anthu 23 a dziko lamphamvu nkhani yawo inakwiriridwa zaka zitatu. Osambira amene anapikisana nawo ku Tokyo anali ndi ufulu wodziwa. Boma la America linakana kupereka madola 3.6 miliyoni omwe linayenera kusonkha ku WADA mu 2024 chifukwa cha nkhaniyi. Sindikuwachemerera, pakuti kwawoko maligi akuluakulu a basketball, baseball ndi mpira wawo wachimereka satsata n'komwe malamulo anu. Koma amene anawapatsa poyambira ndi inu, pobisa. Mlandu uliwonse umene watha ndi chigamulo choti munthu sanalakwe uzilengezedwa pamodzi ndi zifukwa zake, kaya ndi wa ku China, wa ku Italy kapena wa ku Ethiopia. Ngati kufotokoza kwake kuli koona, sikungaope kuti anthu akumve.

Tsopano ndifike pomwe pakundiwawa kwambiri. Kumbukirani mmene bungwe lanu linabadwira. Mu Julayi 1998, kutatsala masiku ochepa kuti mpikisano wa njinga wa Tour de France uyambe, a kasitomu a ku France anaimitsa galimoto ya timu ya Festina pamalire ndi Belgium. Ankayendetsa anali Willy Voet, wosamalira opalasa njinga a timuyo, ndipo m'galimotomo munali timabotolo mazanamazana ta EPO, mahomoni okulitsa thupi ndi testosterone. EPO imachulukitsa maselo ofiira a magazi kuti minofu izilandira mpweya wambiri, koma imalimbitsanso magazi mpaka kuika mtima pachiswe, ndipo panthawiyo njira yoipezera mumkodzo kunalibe; inadzabwera mu 2000. Manyazi a chaka chimenecho ndiwo anachititsa kuti WADA ikhazikitsidwe mu Novembala 1999. Chinsinsi cha wopalasa njinga Lance Armstrong chinaululika mu 2012 chifukwa anzake a mu timu anaperekera umboni. Za chinyengo cha mankhwala ku Russia zinatuluka chifukwa Yuliya Stepanova ndi mwamuna wake Vitaly analimba mtima n'kulankhula, kenaka Grigory Rodchenkov, yemwe anali mkulu wa labotale ya ku Moscow, anafotokoza mmene ankasinthira mabotolo a mkodzo usiku kudzera pa bowo la pakhoma pa Olimpiki ya ku Sochi mu 2014. M'milandu yonseyi munali madokotala, makochi ndi akuluakulu a maofesi. Wothamanga sapanga yekha EPO. Mlingo wake amachita kuuzidwa, ndipo tsiku loti asiye kubaya kuti oyeza asamupeze amachitanso kuuzidwa ndi munthu wophunzira.

Nanga ophunzirawo ali kuti pa mndandanda wa olangidwa? Chigamulo cha CAS pa mlandu wa Valieva chinaonetsa kuti m'zaka ziwiri, ali ndi zaka 13 mpaka 15, mwanayu anapatsidwa mankhwala ndi zowonjezera m'thupi zamitundu 56. Mwana wa msinkhu umenewo sadzilembera yekha mankhwala. Tsiku la chigamulo bungwe lanu linanena kuti kupatsa ana mankhwala otere n'kosakhululukika, ndi kuti madokotala ndi makochi ochita zimenezi alangidwe kotheratu. Ndinagwirizana nanu. Koma amene analandidwa mendulo ndi zaka zinayi za utsikana wake ndi mwanayo; palibe dokotala kapena kochi amene anagwa naye limodzi. Jannik Sinner, katswiri wa tenisi wa ku Italy, atapezeka ndi clostebol mu Malichi 2024, anafotokoza kuti womusisita minofu anadzipopera mankhwala pabala la pachala, omwe anapatsidwa ndi mphunzitsi wolimbitsa thupi, kenaka n'kumusisita opanda magolovesi. Munachita apilo kupempha chiletso cha chaka chimodzi kapena ziwiri, koma mu Febuluwale 2025 munamvana naye kunja kwa khoti pa miyezi 3, yomwe inatha asanaphonye mpikisano uliwonse mwa inayi ikuluikulu ya tenisi. Awiri aja, amene ankalipidwa kuti azidziwa zoletsedwa, sanaletsedwe, ndipo mmodzi anabwereranso mu timu yake mu Julayi 2025.

Ngakhale pomwe wogulitsa wagwidwa, taonani kusiyana kwake. Blessing Okagbare wa ku Nigeria anachotsedwa pakati pa mpikisano wa mamita 100 ku Tokyo mu 2021 chifukwa cha mahomoni okulitsa thupi, n'kupezekanso ndi EPO, ndipo zilango zake pamodzi zinakwana zaka 11. Amene ankamutumizira mankhwalawo, Eric Lira wa ku Texas, anakhala munthu woyamba kupezeka wolakwa pa lamulo la ku America la 2020 lomwe linatchedwa dzina la Rodchenkov, lamulo lomwe limalola kumanga munthu mpaka zaka 10. Anamugamula kuti akakhale kundende miyezi 3. Kwathu kuno timati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Dokotala, kochi ndi ejenti akhala pamkhate wa masewera, ndipo aliyense akuopa kuponya mwala poopa kuswa timu, kontirakiti kapena dzina la dziko.

Ku Kenya nkhaniyi ili poyera, ndipo munailemba nokha. Lipoti la WADA la 2018 linawerenga ochita masewera 138 a ku Kenya omwe anapezeka ndi mankhwala oletsedwa kuchokera mu 2004, ambiri mwa iwo othamanga mitunda italiitali. Linati kumeneko kulibe dongosolo la boma ngati la ku Russia, koma mankhwala monga nandrolone ndi EPO amapezeka mosavuta, ndipo azachipatala ndi ogulitsa mankhwala ndiwo amathandizira, ena modziwa ena mosadziwa. Mu 2023 oweruza a milandu ya othamanga, atayerekeza milandu ya Eglay Nalyanya ndi Betty Lempus, anaona kuti makalata achipatala omwe amayi awiriwa anabweretsa anali ofanana kalembedwe ndipo anatchula madokotala omwe kulibe. Anagamula kuti pali munthu wodziwa zachipatala amene akulembera othamanga mabodzawa. Amayiwo analetsedwa, wina zaka 8 wina zaka 5. Amene analemba makalatawo sanaime nawo pamlandu. Ndipo pamene Asbel Kiprop, katswiri wa mamita 1,500, anapezeka ndi EPO mu 2017, zinadziwika kuti woyeza anali atamutsina khutu za tsiku lobwera, chinthu choletsedwa kotheratu.

Tisamayiwale komwe anyamata ndi atsikanawa akuchokera. Ku Iten, ku Eldoret ndi ku Kapsabet kuli achinyamata zikwizikwi omwe amadzuka m'bandakucha kukathamanga, ambiri ochokera m'mabanja a alimi ang'onoang'ono. Wopambana marathon ya ku Boston amalandira madola 150,000. Ngakhale kampikisano kakang'ono ka ku Ulaya kapena ku Asia katha kumangitsa nyumba ndi kulipirira abale sukulu. Munthu wovala chovala choyera akauza mnyamata wotere kuti bwera ndikubaye, uchira msanga, anzako onse akubayitsa, ndipo udzandilipira ukapambana, mayeserowo ndi aakulu. Mnyamatayo akavomera walakwa ndithu. Koma iye akagwidwa, wobayayo mawa lake ali ndi mnyamata wina. Malamulo anu amalola kuchepetsa chilango kwa amene waulula omuthandiza, koma owulula ndi ochepa, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: akatha kulankhula amabwerera kumudzi komweko, kukakumana ndi anthu omwewo pamsika, opanda womuteteza. Ndikukupemphani kuti mlandu wa EPO, wa magazi kapena wa mwana wosakwana zaka 18 usamatsekedwe mpaka ofufuza atalondola komwe mankhwala anachokera n'kupereka zomwe apeza kwa apolisi ndi ku mabungwe opereka ziphaso za madokotala. Kenya ili ndi lamulo la 2016 lomwe limati kugulitsa ndi kubaya mankhwalawa ndi mlandu. Pomayeza ngati dziko likutsata malamulo anu, muziwerenganso ogulitsa ndi obaya amene afika kukhoti, osangoti mabotolo a mkodzo amene atengedwa.

Ndikulemba m'Chichewa chifukwa nkhaniyi sikutipita patali. Malamulo amene anagwira Cherono ndi omwewo akulamulira Muzala Samukonga wa ku Zambia, yemwe anapata mendulo ya bronze pa mtunda wanu womwe uja wa mamita 400 ku Paris mu 2024, ndiponso atsikana ndi anyamata athu a mpira ndi othamanga akapita ku mipikisano ya kunja. Mu Okutobala 2025 Ruth Chepngetich, amene anathamanga marathon ya ku Chicago mu 2024 kwa maola 2, mphindi 9 ndi masekondi 56, analetsedwa kwa zaka 3 chifukwa cha hydrochlorothiazide. Iye anati anamwa mapiritsi a wantchito wake wapakhomo, ofufuza sanakhutire nazo, ndipo inenso sindikumuikira kumbuyo. Koma dzina la mankhwalawo liyenera kutidzidzimutsa, chifukwa amenewa ndi mapiritsi a BP omwe zipatala zathu zimapereka tsiku ndi tsiku, ndipo ali m'nyumba zambiri momwe muli agogo. Amaletsedwa chifukwa amakodzetsa, motero atha kubisa mankhwala ena mumkodzo. Prednisolone ndi woletsedwa pa nthawi ya mpikisano, tramadol naye kuyambira mu 2024, ndipo mankhwala ena a chimfine ali ndi pseudoephedrine yemwe akapitirira mlingo ndi mlandu. Kuno anthu amagawana mapiritsi pachibale ndi pachinansi, amagula pagolosale ndi pamsika popanda pepala la dokotala, kawirikawiri atakulungidwa m'kapepala kopanda dzina. Mndandanda wanu wa zoletsedwa umatuluka chaka ndi chaka m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, wodzaza ndi mayina a sayansi omwe ngakhale wophunzira amavutika kuwatchula. Musanalange mtsikana wa ku Mulanje kapena wa ku Chipata ndi lamulo louma lija, onetsetsani kuti wauzidwa m'chilankhulo chake, ndi mayina a mapiritsi momwe amawadziwira pasitolo, komanso kuti wachipatala amene amamulembera mankhwala naye waphunzitsidwa.

Palinso nkhani ya labotale. Africa, komwe kumachokera akatswiri ochuluka a mitunda italiitali, inkadalira labotale imodzi yovomerezeka ndi inu, ya ku Bloemfontein ku South Africa. Munaiimitsa mu Malichi 2024, ndipo mu 2025 munailanda chilolezo chifukwa inalephera kufika pa muyezo wofunika. Sindikuti mukanailekerera, pakuti labotale yolakwitsa itha kuwononga tsogolo la wosalakwa. Koma zotsatira zake n'zakuti mabotolo a kum'mwera kwa Africa kuno ayenera kukwera ndege kupita kutali, mtengo ukukwera, ndipo mabungwe osauka akaona mtengo amachepetsa kuyeza. Mbali ina ya vutoli ndi yathu. Pa ndalama zomwe maboma amasonkha ku WADA, Africa yonse imapereka theka la 1 peresenti pomwe Ulaya amapereka 47.5 peresenti. Boma la Kenya linalonjeza mu 2022 madola 5 miliyoni pachaka kwa zaka 5, koma mu 2024 bungwe la ADAK, loona za mankhwala pamasewera m'dzikolo, linadandaula poyera kuti bajeti yake yadulidwa mpaka ntchito kutsala pang'ono kuima. Zimenezo tiwafunsa atsogoleri athu. Kwa inu, amene muli ndi ofesi ku Cape Town, ndikuti kutseka kokha sikukwanira. Tumizani akatswiri, pezani othandiza, ndipo mutiuze chaka chimene labotaleyo idzatsegulidwenso.

Munthu amene ndimamuganizira kwambiri pa zonsezi ndi Buzunesh Deba wa ku Ethiopia. Mu Epulo 2014 anathamanga marathon ya ku Boston kwa maola 2, mphindi 19 ndi masekondi 59, n'kukhala wachiwiri kumbuyo kwa Rita Jeptoo wa ku Kenya. Chaka chomwecho Jeptoo anapezeka ndi EPO, ndipo mu 2016 chipambano chinaperekedwa kwa Deba. Nyimbo ya fuko lake sinaimbidwe, chithunzi chodula riboni alibe, ndipo makontirakiti amene amatsatira wopambana anali atamudutsa kale. Zinatsala ndi ndalama, madola 100,000, kuphatikizapo mphoto yoswa rekodi ya mpikisanowo. Pofika mu 2024, patatha zaka 10 chithamangireni, anali asanalandire, chifukwa okonza mpikisano ankati ayambe alanda kaye kwa Jeptoo. Munthu wina wosamudziwa, atawerenga nkhaniyi m'nyuzipepala, anamupatsa madola 75,000 a m'thumba mwake, ndipo okonza mpikisanowo anadzalengeza pambuyo pake kuti alipira. Iwo sanaphwanye lamulo lanu lililonse pochedwa chonchi, chifukwa malamulo anu amangoti ndalama zikabwezedwa ndi wolakwa ziperekedwe kwa woyenera. Sinthani ndime imeneyo. Chigamulo chikangotuluka, woyenera mphoto azilipidwa pasanathe miyezi yowerengeka, ndipo ntchito yolondola ngongole kwa wakubayo ikhale ya okonza mpikisano, omwe ali ndi maloya ndi inshuwalansi, osati ya mayi amene anathamanga makilomita 42 ndi magazi ake enieni.

Ine wanu pa zamasewera,
Wokonda masewera othamanga